E10 ya kuno ndi madambo a ku Lower Shire

Inu amene muli ndi galimoto kuno ku Britain mwalizolowera dzina la E10 pa pampu. Kuyambira mu September 2021, petulo wamba wa kuno amamusakaniza ndi ethanol mpaka magawo 10 pa 100 alionse, ati pofuna kuchepetsa utsi. Ndikawauza anzanga a kuntchito kuti Amalawi tinayamba mu 1982, pamene Ethco inatsegula fakitale ku Dwangwa, amayesa nthabwala. PressCane ya ku Chikwawa inabwera mu 2004.

Ethanol wathu amachokera ku molasses, uja wakuda wonata amatsala akamapanga shuga. Pamenepo ndilibe nawo mlandu, n'zotsalira basi. Koma molasses sakwanira, mafuta amasowa chifukwa cha forex, ndiye yankho lofulumira pakamwa n'lakuti tidzale nzimbe zambiri. Tidzale pati? Nzimbe imamwa madzi kwabasi, imafuna chigwa, ndipo chigwa chonyowa ku Lower Shire chili m'mphepete mwa madambo.

Kumunsi kwa Nchalo kuli Elephant Marsh, dambo limene linalowa m'kaundula wa Ramsar mu 2017. David Livingstone, wobadwira ku Blantyre ya kuno, pafupi ndi Glasgow, anapezako njovu mazanamazana mu 1859. Njovuzo zinatha kalekale. Kwatsala mvuu, ng'ona, mbalame zosawerengeka, mlamba, komanso nyika. Amene tinakulira kumeneko tikudziwa kuti chimanga chikakanika, anthu amalowa m'madzi kukazula nyika, kuiwala za ng'ona. Ine ngati namwino sindiwerenga mbalame ayi. Ndimaganiza za mwana wa zaka ziwiri amene ndiwo yake yomanga thupi ndi kamlamba kowamba. Dambo likaphwa, mwanayo timakumana naye ku wodi ya ana onyentchera.

M'munda wa nzimbe mumakhala nzimbe zokhazokha. Masamba akutchire mulibe, mitengo ya mankhwala anaizula, ndipo akamatentha asanadule, zisa, njoka ndi tizilombo zimapsera momwemo.

Kuno ku Sighthill ndinaona mtengo wake wokonza nthaka yoonongeka. Fakitale ya mankhwala ya St Rollox inasiya zinyalala zimene eni ake amazitcha galligu, ndipo asanamange nyumba zatsopanozi anayamba alimbana nalo dothilo zaka zingapo. Glasgow inakwanitsa poti ndalama ili nazo. Nanga khonsolo ya Chikwawa?

Nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji, chifukwa ndalama zogulira malo kumudzi zambiri zimachoka m'matumba mwathu. Achimwene akaimba pa WhatsApp kuti kwapezeka malo a nzimbe, tumizani msanga, sindikuti muwakanize. Nzimbe zaphunzitsa ana ambiri ku Kasinthula. Koma musanatumize, afunseni kuti malowo ali pati, madzi ake akuchokera kuti, ndipo chaka chatha ankavuulapo nsomba ndani.