Kasankhidwe ka makina otsimikizira zaka za ogula m'malo ogulitsa mowa ndi obetchera

Malamulo a dziko lino saloleza kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18 kapena kumulola kubetcha. Pachifukwa ichi, eni mabala, magolosale ndi malo obetchera amene akufuna kugula makina owerengera ziphaso aganizire mfundo zotsatirazi.

Choyamba, kukhala ndi chiphaso cha unzika sikutanthauza kuti munthu wakwanitsa zaka 18, popeza bungwe la NRB limapereka chiphasochi kuyambira pa zaka 16. Makina oyenera ndi amene amawerenga tsiku lobadwa pa QR code ya kuseri kwa chiphaso n'kuonetsa zaka zimene mwini wake ali nazo patsikulo.

Chachiwiri, makinawo akhale ndi batire komanso otha kugwira ntchito popanda intaneti, kuti kuthima kwa magetsi kapena kuvuta kwa netiweki kusaimitse ntchito yofufuza zaka.

Chachitatu, lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu limapereka udindo kwa aliyense wosunga mayina ndi manambala a ziphaso za anthu ena kuti aziteteze. Wamalonda amapewa chimtolo chimenechi posankha makina ongosonyeza ngati wogula wakwanitsa zaka kapena ayi, osasunga china chilichonse.

Pomaliza, makina ongowerenga chiphaso sangadziwe kuti mwana wabwereka chiphaso cha mkulu wake. Wogulitsa ayenera kuyerekeza nkhope ya wogula ndi chithunzi cha pachiphaso, ndipo akakayika asagulitse. Mlandu wogulitsa mowa kwa mwana umagwera wogulitsa, osati makina.