Kuphunzitsa Kusefa Zimene Anthu Amalemba pa Mafomu a pa Intaneti

Ife aphunzitsi tikamalemba malikisi m'kaundula, diso lathu limakana lokha kulemba 130 pa mayeso a malikisi 100. Kompyuta ilibe diso lotere. Imalandira chilichonse chimene munthu walemba pa fomu, pokhapokha wolemba pulogalamu ataiuziratu zoyenera kukana. Muno tifuna kulongosola ntchito yosefa zolembedwazo zisanasungidwe, ndiponso m'mene tingaiphunzitsire.

Zolakwa zambiri nzangozi chabe, koma anthu ena amalemba zoipa mwadala. M'chaka cha 1998, Jeff Forristal adafotokoza m'magazini ya Phrack m'mene munthu angabisire malamulo a SQL m'mau olembedwa pa fomu, kotero kuti nkhokwe ya deta iulule zinsinsi zake. M'chaka cha 2015 kampani ya TalkTalk ya ku Britain idathyoleredwa mwa njira yomweyi. Zinsinsi za anthu pafupifupi 157,000 zidabedwa, ndipo mu 2016 kampaniyo idalipitsidwa chindapusa cha £400,000.

Wophunzira wachangu adzafunsa kuti, bwanji osalemba tokha malamulo osefera? Timuyankhe pomupatsa ntchito yosefa tsiku lobadwa. Posachedwa adzazindikira kuti 29 February adaliko mu 2024 koma mu 2023 kudalibe, ndi kuti adaliko mu 2000 pamene mu 1900 kudalibe. Misampha yotereyi njochuluka, ndipo ndicho chifukwa chake timabwereka laibulale, ndiye kuti malamulo amene akatswiri ena adalemba kale, anthu ambiri nkuwayesa ndi kuwakonza. Olemba m'chiyankhulo cha JavaScript ali ndi Joi ndi Zod, pamene olemba m'Python ali ndi Pydantic, imene Samuel Colvin adayamba mu 2017. Kagwiridwe kake nkofanana: timalemba kamodzi kokha maonekedwe a yankho loyenera, monga kuti malikisi akhale nambala yoyambira pa 0 kulekeza pa 100. Laibulale imayerekeza yankho lililonse ndi muyeso umenewo, nikana losayenera ndi kutchula pamene palakwika.

Pali zinthu zinai zimene ophunzira athu sayenera kuiŵala. Choyamba, kusefa kuchitike pa seva. Kusefa kwa pa kompyuta kapena foni ya wolemba fomu kumangomuthandiza kuwona zolakwa msanga, ndipo munthu wa mtima woipa amakulambalala mosavuta.

Chachiŵiri, kusefa pakokha sikutseka khomo la SQL. Lamulo lopita ku nkhokwe lilembedwe padera, mau a munthu natumizidwe padera, kuti nkhokwe isawaŵerenge ngati lamulo.

Chachitatu, sefa yothina kwambiri imataya ufa pamodzi ndi misere. Lamulo lolola zilembo A mpaka Z zokha lidzakana dzina lakuti Ng'oma chifukwa cha kachizindikiro kapamwamba, ndipo lidzakananso liwu lakuti Malaŵi. Mwana wokanidwa chifukwa cha dzina lake walakwiridwa, ngakhale pulogalamuyo iwoneke ngati ikuyenda bwino.

Chachinai, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu March 2016 mwini wa kalaibulale kotchedwa left-pad, ka mizere 11 yokha, adakachotsa pa npm, ndipo mapulogalamu ambiri odalira iko adalephera kumangika. Tisanabwereke laibulale tifunse ngati ikusamalidwabe, ngati ili ndi malangizo omveka, ndiponso ngati chilolezo chake chitilola kuigwiritsa ntchito.

M'kalasi tiyambe ndi pepala, kompyuta ibwere pambuyo. Tigaŵe ophunzira m'magulu aŵiri. Gulu loyamba lilembe fomu yolembetsera mwana sukulu, yokhala ndi dzina, tsiku lobadwa ndi kalasi, ndipo lilembe pa bolodi malamulo ake m'mau wamba. Gulu lachiŵiri liyese kuipusitsa: lisiye mpata wopanda kanthu, lilembe mau pofunika nambala, lilembe 31 April. Kenaka malamulo aja aloŵetsedwe m'laibulale, ndipo mayankho opusitsa aja ayesedwe limodzilimodzi, ophunzira akulemba m'makope amene akanidwa ndi amene apulumuka.

Pomaliza tiŵerenge nawo mauthenga amene pulogalamu ikupereka ikakana yankho. Uthenga wakuti "Mwalakwa" suthandiza kholo limene likulembetsa mwana. Ophunzira aukonze kuti unene kuti "Mwezi wa April uli ndi masiku 30 okha", monga momwe ife timalembera ndemanga yomveka pa kope la mwana m'malo mongoikapo mtanda.