Ana 120, Mphunzitsi Mmodzi

Amayi anga amaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya pulayimale ku Ndirande. Tsiku lina pa tchuthi, iwo asanatsekere, anandiuza kuti, "Tiye ukandinyamulire makope, mwana wanga, ukaonenso kumene kumachokera fizi yako."

Nditalowa m'kalasimo ndinasowa popondetsa phazi. Ana anakhala pansi mothinana kuyambira ku khoma la kumbuyo mpaka pansi pa bolodi penipeni. Ndinayamba kuwerenga mitu koma ndinasokonezeka. M'kaundula munali maina 120, chonsecho Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60.

Kodi zinayamba bwanji? Vutoli ndi lakale. Ngakhale kalata ya Aepiskopi athu ya pa 8 March 1992 inadandaula za kuthithikana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi. Koma mtsinje unasefukira mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana a sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri a iwo osaphunzira ntchitoyi, ndipo anadzawaphunzitsa pambuyo pake kudzera mu ndondomeko ya MIITEP. Chinali chinthu chabwino ndithu, pakuti ana a anthu osauka analowa sukulu. Koma zipinda sizinachuluke mofanana ndi ana, ndipo ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri anthu akubwerabe kudzafuna ganyu, ana awo ali pambuyo.

Tsono tiyeni tichite masamu pang'ono, owerenga anzanga. Tinene kuti phunziro ndi la mphindi 30. Mukagawa mphindizi kwa ana 120, aliyense apeza masekondi 15 okha. Mwana wa Sitandade 2 angawerenge chiyani pa masekondi 15? Kuchonga nako: kope limodzi mphindi imodzi, ndiye kuti maola awiri pa phunziro limodzi lokha. N'chifukwa chake kalasi lonse limangoyankhira pamodzi mokuwa. Munthu wodutsa panja amati ana akudziwa, koma m'chigulumo wosadziwa amangotsegula pakamwa ngati ena a ife pa nyimbo ya Chilatini.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti amayi amaudziwa mankhwala a vutoli, koma alibe ufulu wowagwiritsa ntchito. Silabasi ndi mabuku zimakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Mu 2016 kunabwera ndondomeko ya kuwerenga ya dziko lonse, ndipo buku la mphunzitsi limanena chochita tsiku ndi tsiku: ayambe mphunzitsi, achitire pamodzi, kenaka ana achite okha. Bukuli ndi thandizo lalikulu kwa mphunzitsi watsopano, sindikukana. Koma amayi akaona kuti theka la kalasi silinamve, sangathe kuima sabata yathunthu kuti abwereze, chifukwa mlangizi wa zamaphunziro akabwera amayang'ana ngati sikimu ikuyenda ndi nthawi. Sangabwezenso mwana pakhomo ponena kuti mwadzaza. Amene amawadziwa anawo ndi iwo, koma liwiro la phunziro amalamula ndi ena.

Chimene amatha n'kugawa ana m'magulu, gulu lililonse n'kuliikira mwana wochangamuka woti alitsogolere. Ine anandipatsa gulu la kumbuyo. M'menemo munali kamtsikana kena kamene m'kope mwake munali mizere yokhotakhota yokhayokha. Nditakalembera "ma" ndi "ta" pa pepala, kanawerenga bwinobwino. Nditaloza pa bolodi, kanatsinzinira maso n'kukhala chete. Sikanali kaulesi ai, kankangolephera kuona patali.

Nditawauza amayi anagwira pakamwa. "Teremu yachitatu ino, ine osadziwa!" Anakasamutsira kutsogolo, mwana wina n'kubwerera kumbuyo kuti malo apezeke, ndipo analemba kakalata koitana makolo ake.