Tidziwe Ntchito ya Injiniya wa Makina Opangira Ayezi

Asodzi ndi ogula nsomba tonse tikudziwa kuti nyengo yotentha, chambo chovuulidwa m'mawa chimayamba kufewa dzuwa lisanalowe. Chimene chimapulumutsa ndalama zathu ndi ayezi. Koma ayezi sadzipanga yekha. Pafakitale yopangira ayezi ndi m'zipinda zozizira za makampani a nsomba, monga MALDECO ku Mangochi, pamafunika injiniya wamkulu woyang'anira makina. Popeza makomiti ena a m'madoko akuganiza zokhala ndi chipinda chozizira chawochawo, ndi bwino tidziwe ntchito ya munthu ameneyu.

Makinawa amagwira bwanji ntchito?

Makina amatenga kutentha m'madzi n'kukakutaya kunja. M'mapaipi ake mumayenda gasi, ndipo m'mafakitale akuluakulu gasiyo nthawi zambiri amakhala amoniya, amene amawira pa madigiri 33 pansi pa ziro. Akamawira amayamwa kutentha kwa madzi, madziwo n'kuundana. Kompuresa imakoka nthunzi ya gasiyo ndi kuipanikiza, n'kuitumiza ku kondensa kumene imazizira ndi kukhalanso yamadzimadzi. Ikatero imabwerera kukayambanso. Pakaonongeka pamodzi, ayezi satuluka.

Injiniya wamkulu amachita chiyani?

Tsiku lililonse amaona mageji ndi kulemba m'buku mphamvu ya gasi ndi kuzizira kwa chipinda. Manambala akasintha amadziwa kuti vuto layandikira makina asanaime. Amaonetsetsa kuti oilo wa kompuresa wasinthidwa, kondensa yatsukidwa, ndiponso jenereta ili yokonzeka magetsi akazima. Chipinda cha nsomba zaziwisi amachisunga pafupi ndi madigiri 0, pamene cha nsomba zoumitsa ndi kuzizira chimakhala pa madigiri 18 pansi pa ziro kapena kutsikirapo.

Ndi iyenso amawerengera kukula kwa makina ofunika malinga ndi matani a nsomba olowa patsiku, amaphunzitsa amakaniko apansi pake, ndi kuteteza miyoyo ya antchito. Amoniya amaotcha maso ndi mapapo, komanso amadya kopa, n'chifukwa chake mapaipi ake amakhala achitsulo.

Ayeneranso kudziwa malamulo. Pangano la ku Montreal la chaka cha 1987 linathetsa gasi wa R12 chifukwa choononga mlengalenga, ndipo wa R22 akuchotsedwanso pang'onopang'ono. Komiti isagule makina akale otsika mtengo isanafunse mtundu wa gasi amene ali m'katimo.

Komiti ya padoko ichitepo chiyani?

1. Musanalandire kapena kugula chipinda chozizira, ngakhale choyendera sola, funsani amene azidzachikonza ndi kumene zipangizo zake zimapezeka.

2. Pa ndalama za ayezi muzipatula zina zokonzetsera makina, ndipo msungichuma azizilemba m'buku.

3. Makina akavuta itanani mmisiri wa mapepala ake. Kungoonjezera gasi osatseka podontha ndi kutaya ndalama.

4. Musamatsekule chitseko pafupipafupi, ndipo musadzaze nsomba mpaka kutseka njira ya mphepo.

5. Mukamva fungo lobaya m'mphuno pafupi ndi fakitale, chotsani ana ndipo thawirani kumene mphepo ikuchokera. Gasi akalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala.

Mbali ya msodzi

Injiniya angasamale makina, koma nsomba imene yayamba kale kuonongeka ayezi sangaibweze. Thirani ayezi nsomba ikangovuulidwa, osadikira kuti wogula abwere. Kuno kotentha, kilogalamu imodzi ya nsomba imafuna pafupifupi kilogalamu imodzi ya ayezi. Muphwanyeni bwino, yalani pansi, pakati ndi pamwamba, ndipo bokosi likhale ndi kabowo kotulukira madzi.

Makolo, ntchito imeneyi ana athu angathe kuigwira. Ambiri amayamba ndi maphunziro a zokonza mafiriji pansi pa TEVETA, ena amaphunzira uinjiniya ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, ku Blantyre. Udindo waukulu umadza patapita zaka zambiri munthu ali pamakina. Alimbikitseni pa masamu ndi sayansi, anyamata ndi atsikana omwe.

Nkhaniyi ikambiraneni pamsonkhano wa komiti, ndipo mafunso muwapereke kwa mlangizi wa zausodzi wa m'dera lanu.