Hilux ikamalira kunsi, ikunena chiyani?

Anzanga, tsiku lina mudzaime pafupi ndi interchange ya Area 18, muwerenge ma 4x4 odutsa pa M1. Ambiri ndi a Toyota: Land Cruiser ndi Hilux, yomwe inayamba kupangidwa mu 1968. Anthu amati magalimotowa safa. Ine ndimavomera theka chabe, chifukwa dzina la kampani silithira oyilo.

Mphamvu ya injini isanafike ku matayala anayi imadutsa mu giyabokisi, transfer case, propshaft ndi ma difu awiri, ndipo chilichonse chili ndi kaliridwe kake. "Wiiii" wokwera limodzi ndi liwiro kawirikawiri ndi difu: oyilo wachepa kapena ma bearing adyeka. "Gu!" ponyamuka ndi ma joint a propshaft. "Ta-ta-ta" pokhota ndi CV joint: labala yang'ambika, girisi wathawa, mchenga walowa.

Koma nali phokoso lodzipangira dala. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Pa ma Hilux ambiri, ukaika 4H kutsogolo ndi kumbuyo kumamangidwa pamodzi. M'matope a Januwale ku Mgona zilibe kanthu, tayala limangoterereka pang'ono basi. Pa tala silingaterereke, ndiye zitsulo zimapotana, chiwongolero chimalimba, galimoto n'kumanjanja pokhota. Pamenepo wolakwa si Toyota ayi, ndi dalaivala.

Amalume anu akamagula 4x4 yoyendapo kale, auzeni kuti poiyesa azimitse wailesi, atsitse magalasi, amvetsere kunsiko.