Mavoti ndi Omwewo, Wopambana Nkusintha

Wovota wa ku Nyambadwe kapena ku Limbe amapatsidwa mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Kachongedwe ndi kamodzi, koma kapezedwe ka wopambana nkosiyana. Phungu ndi khansala amangofunika kuposa anzawo, ngakhale ndi voti imodzi. Pulezidenti ayenera kupitirira theka la mavoti onse, ija timati 50+1. Zikakanika, awiri otsogola amakabwerezanso.

Kale sizinali choncho. Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi Peter Mutharika mu 2014 analowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Zotsatira za 2019, zomwe zinalengezedwa ku COMESA Hall mu Blantyre, zinapatsa Peter Mutharika 38.6, Lazarus Chakwera 35.4 ndipo Saulos Chilima 20.2. Pa 3 February 2020 khothi linathetsa chisankhocho chifukwa cha zolakwika zochuluka, nkugamulanso kuti ndime 80 ya malamulo oyendetsera dziko imafuna mavoti oposa theka. Chakwera ndi Chilima atagwirizana, pachisankho chobwereza cha pa 23 June anapeza pafupifupi 59.

Tiyerekeze anthu 100 akusankha khansala: 40 akufuna woyamba, 35 wachiwiri, 25 wachitatu. Woyamba wapambana. Koma bwanji ngati 25 aja, wawo atagwa, akanakonda wachiwiri? Pachibwereza wachiwiri akanapeza 60. Anthu ndi omwewo, maganizo sanasinthe, lasintha ndi lamulo lowerengera. Pepala lathu limafunsa dzina limodzi lokha. Amene mumamuika pachiwiri mumabwerera naye kunyumba mumtima.

Akatswiri a masamu analimbana nazo kalekale. Mu 1785 Condorcet wa ku France anaonetsa kuti gulu likhoza kukonda woyamba kuposa wachiwiri, wachiwiri kuposa wachitatu, koma wachitatuyo kuposa woyamba, ngakhale aliyense payekha akudziwa chimene akufuna. Mu 1951 Kenneth Arrow anatsimikiza kuti opikisana akakhala atatu kapena kuposerapo, palibe njira yosanjira zokonda za anthu yomwe ingakwaniritse mfundo zonse zachilungamo zimene iye anaika. Nayo 50+1 ili ndi chilema chake: munthu amene ambiri akanamulola ngati wachiwiri akhoza kugwa pa ulendo woyamba.

Komabe chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mpando wa khansala, munthu woyankhulira misewu, ngalande ndi zinyalala za m'dera lathu. Opikisana akachuluka, akhoza kulowa mu khonsolo ya mzinda wa Blantyre ndi mavoti ochepa kwambiri. Zotsatira zikamatidwa pamalo ovotera, phatikizani mavoti a onse amene agwa, muwayerekeze ndi a wopambanayo.