Kaizer Motaung: zigoli zinabala bizinesi

Dzuwa likapendeka ku Guilleme, anyamata amathamangitsa chikulunga fumbi lili koboo. Afunseni timu ya ku Joni yomwe amaidziwa, dzina la Kaizer Chiefs silichedwa kutuluka. Koma ndi angati akudziwa kuti Kaizer ndi dzina la munthu, ndiponso kuti mwayi wake unatsegukira ku Zambia, kuseri kwa malire a Mchinji omwewa?

Kaizer Motaung anabadwa pa 16 Okutobala 1944 ku Orlando East, m'dera la Soweto. Ali ndi zaka 16 anayamba kusewera mu Orlando Pirates. Mu 1968, atayesedwa luso ku Zambia, timu ya Atlanta Chiefs ya ku America inamutenga. Kumeneko anasewera limodzi ndi akatswiri a ku Zambia, Emment Kapengwe ndi Freddie Mwila. Chaka chomwecho timuyo inatenga chikho cha ligi, ndipo mu 1969 Motaung anamwetsa zigoli 16 m'masewero 16, kuposa wina aliyense mu ligiyo.

Chomwe chimandigwira mtima ndi zimene maso ake anaona kunja kwa bwalo. Anaona kuti timu ili ndi ofesi, imalipira osewera pa mgwirizano wolembedwa, ndipo dzina lake lokha ndi malonda. Atabwerera kwawo, nthawi ya tsankho pomwe munthu wakuda ankapingidwa pa chilichonse, anasonkhanitsa anzake n'kupanga Kaizer XI. Pa 7 Januwale 1970 timuyo inasanduka Kaizer Chiefs: theka la dzina ndi lake, theka linalo analitenga ku Atlanta. Anali ndi zaka 25 zokha, miyendo ikadali yolimba. Sanadikire kuti bondo liyambe lamukana ndiye aziganiza zodzadya mawa.

Lero timuyi ili ndi likulu lake ku Naturena, kummwera kwa Johannesburg, ndipo jezi yake ya golide ndi yakuda imavalidwa mpaka m'misika yathu. Mu 1996 Motaung ndi Irvin Khoza wa Pirates anali patsogolo pokhazikitsa Premier Soccer League.

Amalawi nawo anadya nawo thukuta lawo kumeneko. Malemu Jack Chamangwana anaisewerera Chiefs, kenako n'kuiphunzitsa. Patrick Mabedi anali kaputeni pomwe Chiefs inatenga ligi mu 2004 ndi 2005.

Kuno kwathu zimawawa kuona katswiri yemwe tinkamuimbira m'manja pa Kamuzu Stadium akudwala, anthu n'kumasonkherana ya mankhwala. Mpira umatha munthu akadali ndi zaka zambiri zoti adyetse banja.

Inu makolo ndi aphunzitsi a ku Guilleme, mwana akaonetsa luso la mpira musamuletse. Mugulireni nsapato ngati mungathe, koma kope la masamu lisachoke m'chikwama chake.